Trampoline, jingo kapena phiri: mimbayi tiichepetsa ndi chiti?

Alamu anga atabwera kuchokera ku Joni, anafika ndi chikatoni chachitali chimene anyamata awiri a kabaza anangochiyang'ana n'kupukusa mitu. Tinachita kupeza kalole kuti chikafike ku Matawale. M'katimo munali mapaipi opindika, masipuling'i odzaza jumbo, neti ndi chinsalu chakuda cholimba. Pofika madzulo chinthucho chinali chitaima kuseri kwa nyumba, chozungulira ngati nkhokwe yopanda denga.

"Alamu, iyi ndi trampoline," anatero uku akusisita mimba. "Anthu opita kumwezi amalimbitsira thupi pamenepa. Ikamafika Khirisimasi mudzandipeza ndili ngati msilikali wa ku Cobbe."

Khirisimasi inafika mimba ili pompo. Amene anawonda ndi mlamu wanga wamkazi, chifukwa chokuwa tsiku lonse pothamangitsa ana a m'mudzimo.

Ine sindinaseke kwambiri, poti nthawi yomweyo n'kuti kuchipatala atandiuza kuti BP yakwera ndipo sikelo ikundidandaula. Bondo langa lamanzere nalo silinaiwale mpira umene ndinkamenya ndili mnyamata. Choncho ndakhala ndikuyesa njira zosiyanasiyana: chitrampoline cha alamucho, kena kakang'ono ka m'nyumba, chingwe cha jingo, ndi phiri lathuli la Zomba. Zonsezi zimatulutsa thukuta, koma sizigwira ntchito imodzi, ndipo chodula kwambiri ndi chimene ndachipeza chochepa phindu kwa munthu wamkulu.

Nkhani ya opita kumwezi

Alamu sanama kwenikweni. Trampoline yamakono anaipanga ndi George Nissen ndi mphunzitsi wake Larry Griswold ku University of Iowa, ku America, m'zaka za m'ma 1930. Dzinalo analitenga ku liwu la Chisipanishi lotanthauza thabwa lodumphirapo polowa m'madzi. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse asilikali oyendetsa ndege ankaphunzitsidwirapo, kenako opita mumlengalenga nawonso. Koma iwowa sankafuna kuchepetsa mimba ayi. Ankafuna kuti munthu azolowere kudziwa kumene kuli kumwamba ndi kumene kuli pansi pamene thupi lake likuzungulira.

Kafukufuku amene ogulitsa amakonda kutchula ndi wa mu 1980, wa akatswiri ogwira ntchito ndi NASA, bungwe la ku America loona za maulendo a mumlengalenga. Anayeza anyamata 8 okha, akuthamanga komanso akudumpha. Chimene anapeza n'chakuti pothamanga kugunda kumachuluka kwambiri pa akakolo kusiyana ndi kumsana ndi kumutu, pamene pa trampoline kumagawika pafupifupi mofanana thupi lonse. Mfundoyi ndi yomveka. Mukathamanga pa phula, phazi likangomenya pansi limaima nthawi yomweyo, mphamvu yonse n'kulowa m'kakolo ndi m'bondo. Pa trampoline nsalu imatsika nanu kenako n'kukubwezani, monga mmene mumachitira wina akakuponyerani dzira: mumabweza manja m'mbuyo kuti lisasweke. Ubwino weniweni wa chinthuchi ndi womwewo. Zina zimene mumaona pa Facebook, zakuti kudumpha mphindi 10 kumatsuka poizoni yense m'thupi, ndi malonda chabe. Ntchito yosefa magazi ndi ya chiwindi ndi impso, ndipo madzi a m'thupi amayenda bwino ndi masewera alionse ogwedeza minofu, ngakhale kulima.

Chachikulu cha pabwalo

Ichi ndi chija chozungulira, chotambalala mamita awiri ndi theka mpaka anayi, chokhala ndi neti m'mbali. Kunena zoona n'chokoma. Tsiku loyamba ndinadumphapo ngati mwana, ndipo pasanathe mphindi zitatu ndinali wefuwefu. Koma munthu wamkulu sakhalitsa nacho. Nsalu yake ndi yofewa kwambiri, imakuponyani m'mwamba ndipo mumatha nthawi yambiri mukulimbana ndi kusagwa m'malo modumpha mwandondomeko. Komanso ndani bambo wa ulemu wake amene angamaoneke mutu ukutulukira pamwamba pa mpanda m'mawa uliwonse, aneba akupita kuntchito? Alamu anadumphapo sabata imodzi.

Otsala nacho ndi ana, ndipo vuto limayambira pamenepo. Bungwe la madokotala a ana ku America, American Academy of Pediatrics, linachenjeza mu 1999 n'kubwerezanso mu 2012 kuti trampoline isamakhale choseweretsa cha pakhomo. Iwo anapeza kuti pafupifupi ngozi zitatu mwa zinayi zilizonse zimachitika pamene anthu angapo akudumpha nthawi imodzi, ndipo wovulala kawirikawiri amakhala wamng'onoyo. Chimene chimachitika n'chakuti wamkulu akachoka pansalu, nsaluyo imabwerera m'mwamba mwamphamvu. Kamwana kakamatsika nthawi yomweyo, kamakumana ndi chinthu cholimba ngati simenti chimene chikubwera kudzakagunda. Fupa la pansi pa bondo limathyoka kamwanako kasanagwe n'komwe. N'chifukwa chake madokotala a mafupa amati mwana wosakwana zaka 6 asakwerepo. Neti imaletsa kugwera panja, koma siletsa kugundana mitu, kubinya kakolo kapena kugwera khosi. Kutembenuka m'mwamba, mutu pansi miyendo kumwamba, ndi kumene kumapha ziwalo, ndipo ndi kumene mnyamata aliyense wa zaka 10 amafuna kuonetsa anzake.

Lamulo lake ndi lakuti mmodzimmodzi, wamkulu akuyang'anira. Lamulo limeneli analilemba anthu a kumene mwana wa neba amayamba waimba foni asanabwere. Kuno mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mbiri ikangomveka kuti kwa akutiakuti kuli chodumphira, ana amachokera mpaka ku Chinamwali. Loweruka lina tinawerenga ana 9 m'kati mwa neti. Lamlungu lotsatira kamtsikana ka aneba kanatuluka kakulira, ndipo kanatha masabata angapo kali ndi chikhakha. Makolo ake sanakalipe, koma moni wa m'mawa anafupika.

Palinso za malo ndi nyengo. Mapuloti ambiri a ku Zomba kuno, makamaka chakumtunda monga ku Old Naisi ndi ku Mulunguzi, ndi otsetsereka, ndipo trampoline yopendekeka imaponyera munthu mbali imodzi. Imafuna posalala, pa kapinga, kutali ndi mpanda wa njerwa, nthambi za mango ndi waya woyanikira zovala. Mvula yathu yoyambira Novembala mpaka Epulo imadyetsa masipuling'i dzimbiri. Dzuwa la Okutobala limafoola nsalu ndi neti mpaka kuyamba kung'ambika ngati thumba lakale la feteleza. Mphepo yamkuntho imatha kuchinyamula chonsecho n'kukachitula padenga la munthu ngati simunachikhomerere pansi. Sipuling'i imodzi ikaduka, musayembekeze kukaipeza mu msika wa Zomba. Mudzayamba kutuma anthu ku Blantyre kapena kudikira wobwera ku Joni. Ndipo musalole kuti owotcherera akulumikizireni paipi yothyoka n'kumati zatheka, chifukwa polumikiza pamenepo ndi pamene padzathyokenso mwana ali m'mwamba.

Kakang'ono ka m'nyumba

Aka n'kosiyana kotheratu, ngakhale dzina ndi limodzi. M'masitolo amakatcha rebounder. Kukula kwake ndi pafupifupi mita imodzi, miyendo yake ndi yaifupi yosafika m'bondo, ndipo kena kamakhala ndi chogwirira kutsogolo. Pamenepa simudumpha kuti mufike kumwamba. Mumapinda mawondo pang'ono n'kumakankha nsalu pansi ndi mapazi, mutu osakwera kwambiri. Mukhoza kuthamanga pamalo amodzi, kutambasula miyendo ndi kuibweza, kupotoza chiuno, ngakhale kuvina manganje ngati wailesi yakupatsani nyimbo yake.

Mu 2016 bungwe la American Council on Exercise linayeza ophunzira 24 a pa yunivesite ina akuchita majowajowa a mphindi 19 pa timatrampoline totere. Mtima unagunda ndipo mphamvu zinapsa mofanana ndi munthu amene akuthamanga pa liwiro labwino ndithu, koma ophunzirawo ankamva ngati ntchitoyo ndi yopepuka kuposa mmene inalili. Ine ndikuvomereza. Bondo langa limene limatupa ndikathamanga kuchoka ku Matawale kukafika m'tauni silidandaula ndikachita mphindi 20 pa kanthu aka, koma malaya amanyowa chimodzimodzi.

Kamapambana pa zinthu zimene anthu sazitchula pogula. Sikafuna magetsi, ndiye kuzima kwa magetsi si chifukwa chojombera. Mvula ikamagwa masiku atatu osakata, kapena chiperoni chikatsika m'phiri mu Juni, inu mumadumpha pabalaza. Mayi amene sangatuluke m'bandakucha kukathamanga yekha mumdima, kapena amene ali ndi mwana wofunika kumuyang'anira, akhoza kuchita zake mphika uli pamoto. Mukamaliza mumakaimika kuseri kwa chitseko, ana a m'mudzi osadziwa n'komwe kuti kalipo.

Zovuta zake nazi. Ka masipuling'i kamalira kwiikwii, ndipo ngati muli m'nyumba ya lendi yogundizana khoma ndi ena, aneba adzayamba kukuyang'anani mwachilendo. Ka zingwe za mphira n'kachete ndiponso kofewa, koma n'kodula ndipo mphirazo zimatha. Totchipa kwambiri timakhala tolimba ngati thabwa, nsalu yake imafika pansi mukalemera, ndiye ubwino wonse wa mawondo uja watha. Musanalipire werengani makilogalamu amene kalembedwa kuti kangapirire, ndipo ngati n'kogwiritsidwapo kale ntchito, katembenuzeni muone pamene miyendo imalowa ndi pamene nsalu inasokedwa. Yang'ananinso denga lanu, makamaka ngati pali babu lolendewera.

Pali nkhani ina imene amayi amauzana okhaokha. Kudumpha kumapanikiza minofu ya m'chiuno imene imagwira chikhodzodzo, ndipo ambiri, makamaka amene anabereka, amapeza kuti mkodzo ukudontha. Si ukalamba kapena matenda achilendo: ku Sweden mu 2002 anafunsa atsikana 35 ochita mpikisano wa trampoline, ndipo 28 anavomera kuti zimawachitikira. Pa kakang'ono mphamvu yake ndi yochepa, komabe yambani mwapang'ono mapazi osachoka pansalu, pitani kuchimbudzi musanayambe, ndipo zikapitirira kafunseni kuchipatala za masewera olimbitsa minofu imeneyi. Amayi oyembekezera, amene achitidwa opaleshoni posachedwa, odwala msana, ndi amene amamva chizungulire asakwerepo dokotala asanavomere. Ngati BP yanu ili pamwamba kwambiri, yambani mwaitsitsa ndi mankhwala. Ine anandiuza choncho.

Chotsiriza, kamatopetsa mtima. Kuyang'ana khoma lomwelo mphindi 20 tsiku lililonse kumafuna munthu wodziletsa. Tambiri timathera pansi pa bedi.

Jingo

Tinkaiona ngati masewera a atsikana, pamodzi ndi fulaye ndi phada, koma palibe wankhonya amene amakonzekera nkhondo popanda chingwe. Pa zonse zimene ndayesa, jingo ndi imene imathamangitsa mtima mofulumira kwambiri pa ndalama yochepa kwambiri. Chingwe cha nayiloni cha mu hadiweya chikwanira. Kuti mudziwe utali woyenera, pondani pakati pake. Nsonga zake zifike m'khwapa.

Apa palibe sipuling'i yokuthandizani. Akakolo ndi akatumba anu ndi amene amagwira ntchito imene nsalu ija imagwira, ndipo n'chifukwa chake jingo imalimbitsa miyendo ndi mafupa kuposa trampoline. N'chifukwa chakenso imapweteka. Munthu wolemera amene wayamba ndi mphindi 10 pa simenti opanda nsapato adzadzuka m'mawa misongolo ikuyaka moto, n'kusiyiratu. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, koma ankadumpha pang'onopang'ono: theka la mphindi, kupuma, theka linanso, pa dothi losalala kapena pa kapinga, mutavala nsapato zofewa, mapazi akungochoka pansi pang'ono kuti chingwe chidutse. Ine bondo linandiletsa nditayesa masabata awiri. Mwana wanga wamkazi wa ku sekondale, amene alibe vuto lililonse la mafupa, ndi amene anatenga chingwecho, ndipo sindingamugulire china choposa chimenecho.

Phiri

Anthu a ku Lilongwe amalipira ndalama kuti akayende pa makina oyerekezera chitunda, ife chitunda chenicheni chili kuseri kwa nyumba. Nsonga za phiri la Zomba zimapitirira pang'ono mamita 2,000. Mukhoza kutsata msewu wa phula wokhotakhota wopita ku Ku Chawe, kapena kudula pa Potato Path, kanjira koima kamene kamakuuzani zoona zokhudza mapapo anu musanafike n'pakati pomwe. Pamwamba pali damu la Mulunguzi, mathithi a Williams, ndi Emperor's View, pamene mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia inaima mu 1965. Kukayera mumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje. Palibe trampoline imene ingakupatseni zimenezo, ndipo kukwera chitunda kumalimbitsa ntchafu ndi matako kuposa kudumpha kulikonse kwa pabalaza. Mukakumana ndi amayi akutsika atasenza mitolo ya nkhuni yotalika kuposa iwo eni, mudzachita manyazi ndi kabotolo kanu ka madzi.

Koma phiri limadya nthawi. Kupita ndi kubwera ndi theka la tsiku, ndiye ambirife timakwanitsa Loweruka lokha. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azichita masewera otulutsa thukuta mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndiye ulendo umodzi ukhoza kukwanitsa chiwerengerocho. Vuto n'lakuti Loweruka limakhala ndi maliro, zinkhoswe ndi mvula, ndipo mukaphonya kawiri mwezi watha. Chachiwiri, chimene chimapweteka mawondo si kukwera koma kutsika. Ine ndimakwera wapansi, potsika ndimagwira ndodo n'kutsata msewu wa phula, ndipo tsiku limene bondo lakana ndimakwera njinga yamoto osachita manyazi. Nthawi ya dzinja tinjira timaterera, nkhungu ikatsika mukhoza kusochera, choncho pitani muli gulu. Masiku a ntchito kuyenda mofulumira m'misewu ya mithunzi ya chaku Botanic Gardens ndi Gymkhana, kapena kulowera ku Chanco, kumakwanira.

Magulu a majowajowa amene amakumana m'mabwalo ndi m'maholo ndi sipika yawo ali ndi chinthu chimodzi chimene njira zinazi zilibe: mukajomba wina amakuimbirani foni. Ngati ndinu munthu woti simungachite kanthu nokha, lowani gulu, zinazi muziiwale.

Kwa osewera mpira

Aphunzitsi ena a masewera amaganiza kuti trampoline ingathandize atsikana a netiboli kudumpha ngati Mwawi Kumwenda, kapena otchinga kumbuyo kupambana mipira ya m'mwamba. Apa ndikukana. Yesani nokha: dumphani pa trampoline mphindi imodzi, tsikani, kenako dumphani pansi. Miyendo imalemera ngati mwamangirira njerwa, chifukwa thupi lazolowera kudikira kuti nsalu iliponye. Pabwalo la mpira palibe chokuponyani. Wofuna kudumpha kwambiri ayenera kuphunzitsa minofu yake kukankha nthaka yolimba mofulumira: kudumphira pa sitepe kapena pa benchi yolimba, kudumpha ndi mwendo umodzi, kuthamanga pa chitunda, kunyonyomala atanyamula cholemera, ndi jingo yomwe ija. Chofunikanso kwambiri kwa a netiboli ndi kuphunzira kutera bwino, mawondo atapindika osagwera m'kati, poti mitsempha ya m'bondo imaduka potera. Kumene kakang'ono kaja kamathandiza wosewera ndi pamene akuchira kakolo wobinya: kuimapo ndi mwendo umodzi, mnzake akumuponyera mpira, kumabwezeretsa kukhazikika kwa phazi. Zimenezo azichita motsogozedwa ndi a fizo, akuchipatala othandiza ovulala kulimbitsanso ziwalo.

Trampoline ngati masewera apaokha ndi dziko lina. Mpikisano woyamba wa dziko lonse unachitikira ku London mu 1964, ndipo inalowa mu Olympics ku Sydney mu 2000, kumene Irina Karavaeva ndi Alexander Moskalenko a ku Russia anatenga golide. Wopikisana amachita mitundu 10 ya kutembenuka motsatizana osapumira, akukwera mamita okwana 8. Chida chawo ndi chamakona anayi, nsalu yake yotalika kupitirira mamita 4, ndipo chimafuna holo ya denga lalitali, matiresi okhuthala m'mbali ndi anthu oima mozungulira kuti awakhe wogwa. Ochita masewera odumphira m'madzi ndi a jimunasitiki amaphunzirirapo kutembenuka atamangidwa lamba m'chiuno. Mwana amene waona zimenezi pa foni n'kukaziyesa pa chozungulira cha kuseri kwa nyumba akusewera ndi khosi lake.

Ndiye mutenge chiti?

Ngati mawondo ndi abwino ndipo m'thumba mulibe kanthu, jingo masiku a ntchito, phiri Loweruka. Ngati ndinu wolemera, mawondo akulira, kapena kutuluka m'nyumba n'kovuta, kakang'ono ka m'nyumba ndi koyenera ndalama yake, bola kakhale kolimba ndipo mukhale ndi wailesi. Ine ndinakhazikika pa kameneka katatu pa sabata ndi phiri kawiri pa mwezi, ndipo BP inatsika, ngakhale mankhwala ndikumwabe. Chilichonse mwa izi sichigwira manja, chifuwa ndi msana, pamene a WHO omwewo amati minofu izilimbitsidwa masiku awiri pa sabata. Mapushapu ndi ndowa ziwiri za madzi zimatseka mpata umenewo. Ndipo mimba sichoka ndi kudumpha kokha ngati mitanda ya nsima ikadali isanu ndi botolo la zozizira pambali. Pa mfundo imeneyi ine ndi alamu sitinagwirizanebe.

Chachikulu chija mugule pokhapokha muli ndi mpanda wotseka, malo osalala, ana opitirira zaka 6, ndi munthu wamkulu wolimba mtima wotha kuuza mwana wa neba kuti dikira. Mugule podziwa kuti mukugula choseweretsa. Cha alamu chikadalipo ku Matawale, masipuling'i atatu anaduka ndipo ana analetsedwa. Mlamu wanga wamkazi amayalapo nsalu n'kuyanikapo mphale ndi ufa, akuti mphepo imadutsa pansi ndiye zimauma msanga, ndipo akatseka zipi ya neti nkhuku sizilowa.